Kadiresi ka ballet kakukana kuima, ndani akudziwa kasokedwe kake?

Nangozo Telala:
Anzanga a singano ndi ulusi, ndithandizeni nzeru. Sukulu ina kuno ku Blantyre yandipatsa oda ya timadiresi 8 ta atsikana ovina gule wa ballet, tija amati tutu, timene timaima tambalala m'chiuno ngati lichero. Aphunzitsi awo anditumizira chithunzi chakalekale, akuti ndi wovina wotchuka wa ku Britain, Margot Fonteyn, mu 1946, ndipo akufuna zoterozo. Ndagula neti ku Limbe, ija timaika mkati mwa madiresi a ukwati, ndasoka kamodzi koyesera. Kumtunda kwakhala bwino, koma siketi ikungogwa ngati nkhwani wofota padzuwa. Ndathira sitachi, yaima tsiku limodzi, m'mawa mwake yagwanso. Zaka 19 ndili pamakina koma ichi chandizunguza mutu. Chionetsero chatsala ndi masabata 5.

Nachisale ku Leeds:
Amayi Nangozo, pepani ndi ntchito. Vuto si manja anu ayi, vuto ndi netiyo komanso pamene mukuisokera. Ine Loweruka lililonse ndimathandiza kusoka ku kagulu ka ana ovina kuno, ndiye ndinadutsamo momwemo.

Neti ya ukwati ndi yofewa, anaipangira kuti izigwa bwino. Mufune yolimba, ija imakanda mukaigwira. Kenako dziwani kuti tutu sasokera pa lamba wa m'chiuno ngati siketi wamba. Mumayamba mwasoka kabudula wamkati wothina, wa nsalu yosatanuka, n'kujambulapo mizere yozungulira ndi choko, yotalikirana pafupifupi kunenepa kwa chala. Pa mzere uliwonse mumasokapo neti yakeyake yokwinya kwambiri. Yapamwamba ndiyo yaitali, yotsatira yaifupi pang'ono, choncho mpaka yapansi pafupi ndi miyendo imangotsala kachidutswa. Ya akuluakulu imakhala ndi mizere 10 kapena 12. Tating'ono tapansi tija nditu timene timakankha zapamwamba kuti ziime. Mukatha, mulumikize mizere yonse ndi singano yapamanja, osakoka ulusi kwambiri. Posunga muziipachika chadodolido kapena kuigoneka, mukaipachika choimirira igwanso.

Kumbuyo musaike zipi. Ikani ngowe, mizere iwiri kapena itatu, kuti chaka chamawa mwana wina wonenepa kapena wowonda adzavale komweko.

Nangozo Telala:
Iii, pa kabudula! Ine ndimangounjika zonse pamalo amodzi. Zikomo achemwali, mawa ndilawirira ku Limbe.

Nachisale ku Leeds:
Komanso chithunzi mwanenacho chili ndi nkhani yake, ndipo ikukukhudzani inuyo atelala. Usiku wa pa 20 February 1946, nyumba ya zisudzo ya Royal Opera House ku Covent Garden mu London inatsegulidwanso. Nthawi ya nkhondo anali atachotsamo mipando n'kuisandutsa holo ya dansi, momwe asilikali ankavinamo ndi atsikana. Gulu la Sadler's Wells la mayi Ninette de Valois ndilo linatsegulira, ndi gule wa The Sleeping Beauty, Fonteyn ali ndi zaka 26. Mfumu George VI ndi banja lake analipo.

Tsono taganizani. Ku Britain zovala ndi nsalu zinkagulidwa ndi makuponi kuyambira June 1941 mpaka March 1949. Poyamba munthu ankalandira makuponi 66 pa chaka, ndipo anamka nachepa, moti nkhondo itangotha ndi pamene zinathina kwambiri. Ndalama ukhale nazo, popanda kuponi sitolo sakugulitsa. Gule ameneyu ndi wa kunyumba ya mfumu, amafuna zovala zambirimbiri, za mafumu, za akalonga, za alendo a paukwati. Amene anajambula zovalazo, Oliver Messel, ankadziwika ndi luso logwiritsa ntchito tinthu totchipa tosafuna kuponi, monga timawaya totsukira kaliwo wa fodya, mapepala onyezimira ndi zokutira masiwiti. Pafupi ukaona umadziwa kuti ndi zotola, koma nyali za pasiteji zikawomba, munthu wakhala mpando wakutali amaona golide ndi ngale. Zina mwa ntchito zake zimasungidwa ku Victoria and Albert Museum. Ndinakaonako zovala zakale za pasiteji, ndipo chimene chinandigwira mtima ndi mkati mwake, mmene muli zigamba ndi misoko yapamanja yothamanga ngati ya ife tomwe.

Oonera nawo anavala masuti ndi madiresi amene anakhala m'mabokosi zaka 6, moti amene analipo ankakumbukira fungo la mankhwala a njenjete m'holo monse.

Aphunzitsi Opuma a ku Zomba:
Ndawerenga zonse mwachidwi, mayi Nachisale, ndipo mbiri mwaiyala bwino. Koma ine pali pamene pakundiwawa. Mwezi wa July chaka chomwecho cha 1946 boma la Britain linayamba kugawa ngakhale buledi ndi makuponi, chinthu chimene sichinachitike nkhondo ili mkati. Anthu ambiri mu London nyumba zawo zinali zitagumuka ndi mabomba. Kodi inali nthawi yosokera akalonga a m'nthano zovala? Ndipo tisaiwale kuti dziko lomwelo ndilo linkatilamulira. Anyamata athu a gulu la asilikali la KAR anali akungobwerera kumene kuchokera ku Burma. Mu October 1949, pamene gulu la Sadler's Wells lomweli linkaomberedwa m'manja ku New York, kuno kummwera kunali njala ija ya 1949, anthu a ku Lunzu ndi madera ozungulira Blantyre akukumba mizu kutchire. Mayi anga ankaisimba njala imeneyo akugwetsa misozi mpaka ukalamba wawo. Ndikaona chithunzi cha mtsikana wa ngale m'mutu cha zaka zimenezo, maso anga amaona zonse ziwiri.

Nachisale ku Leeds:
Aphunzitsi, za njalayo sindingatsutse ngakhale pang'ono, agogo anga nawonso anali a m'dera lomwelo. Chimene ndinganene n'chakuti ovinawo sanali anthu odya bwino. Nkhondo yonse ankayenda m'matauni kuvinira anthu a m'mafakitale ndi asilikali, nthawi zina ndi mapiyano awiri okha m'malo mwa gulu la oimba, mabomba akugwa. Mu May 1940 nkhondo inawapeza ali ku Holland, anathawa pa sitima ya katundu n'kusiya zovala ndi zipangizo zawo konko. Anyamata awo ambiri anatengedwa kupita kunkhondo. Ndiye kwa iwo usiku uja unali ngati mmene timachitira kwathu maliro akatha, kusesa pabwalo n'kuvala zoyera.

Aphunzitsi Opuma a ku Zomba:
Ovinawo sindikuwaimba mlandu, mayi. Ndikunena za amene ankagawa chuma. John Maynard Keynes, katswiri wa zachuma uja, ndiye anakankha kuti nyumbayo itsegulidwe ndi thandizo la boma, ndipo mkazi wake Lydia Lopokova anali wovina ballet. Keynes anamwalira patangotha miyezi iwiri chitsegulireni nyumbayo. Iye ankakhulupirira kuti dziko likamadzuka pa mavuto limafunanso zokongola. Ine ndimavomereza, koma ndimafunsa kuti zokongola za yani, zolipiridwa ndi thukuta la yani.

Wophunzira Zosoka:
Agogo aphunzitsi, funso lanulo azimayi a ku Paris analifunsanso, koma analifunsa kwa Christian Dior! Ifeyo tangophunzira kumene zimenezi. Pa 12 February 1947 Dior anaonetsa madiresi ake oyamba ku 30 Avenue Montaigne. M'chiuno mothina zedi, mapewa ofewa, siketi yaitali yotambalala yodya nsalu yokwana madiresi angapo a nthawi ya nkhondo. Iye anaitcha Corolle, kutanthauza maonekedwe a duwa, koma mkonzi wa magazini ya Harper's Bazaar, Carmel Snow, ndiye anapereka dzina lomwe linatchuka la New Look. Amene anamupatsa mpamba anali Marcel Boussac, mwini mafakitale a nsalu za thonje, ndiye mukuona nokha chifukwa chake nsalu sinkaumiridwa.

Ku Britain malamulo a nkhondo ankawerenga ngakhale matumba ndi mabatani a pa chovala. Akuluakulu a boma ngati Harold Wilson anadzudzula masiketi aataliwo kuti ndi kuononga nsalu. Koma azimayi anawakonda basi, ena n'kumalumikiza nsalu ina kumunsi kwa masiketi awo akale kuti atalike.

Chimene ndimafuna kunena n'chakuti mukayang'ana diresi la Dior mukuona wovina ballet. Chiuno chomangidwa, neti yosanjikiza mkati, siketi yoti ukatembenuka imatsala m'mbuyo n'kukutsatira. Fonteyn mwini wake ankavala za Dior, ngakhale diresi la ukwati wake mu 1955 linachokera komweko.

Nangozo Telala:
Ndiye kuti madiresi a operekeza akwati timasoka masiku anowa, othina m'chiuno n'kuphulika kumunsi, gwero lake ndi limenelo? Ine ndawasoka mazanamazana osadziwa.

Wophunzira Zosoka:
Eya anti, ambiri mwa iwo. Ngakhale tinsapato tafulati tija tadzaza m'kaunjika. Ku America nsapato zinkagulidwa ndi makuponi nthawi ya nkhondo koma zovinira ayi, ndiye wokonza mafashoni Claire McCardell anapempha kampani ya Capezio kuti iike soli yolimba pa nsapato za ballet kuti anthu aziyendera mumsewu. Ku Paris, Rose Repetto anayamba kusoka nsapato zovinira mu 1947 chifukwa mwana wake Roland Petit, wovina ballet, ankabwera kunyumba mapazi atatupa, ndipo mu 1956 anasokera Brigitte Bardot, katswiri wa mafilimu, zoyendera panja.

Ndipo aphunzitsi, ulendo wa ku New York mwautchulawo unalinso wa malonda. Paundi inali itangogwa mu September 1949, kuchoka pa madola 4.03 kufika pa 2.80. Atsikana a gululo anawaveka zovala za okonza mafashoni a ku Britain kuti akamatsika ndege ndi kuyenda m'misewu akhale ngati otsatsa nsalu za kwawo. Dziko linkafuna madola.

Aphunzitsi Opuma a ku Zomba:
Mwana wanga, waphunzira bwino, ndipo wandithandiza mfundo yanga. Pitiriza sukulu imeneyo.

Mkandawire wa ku Chintheche:
Ndilowepo pang'ono, akuluakulu. Ine za ballet sindinaonepo ndi maso, koma ndakulira m'malipenga. Gule wathuyu anatengera perete wa asilikali, ndipo mpaka lero mwamuna salowa m'bwalo wopanda kabudula woyera wositidwa bwino, shati yoyera, sokosi zazitali ndi nsapato zopolishidwa. Bambo anga anali munthu wosauka, koma zovala za malipenga zinkakhala m'sutikesi mwakemwake, palibe ankazikhudza. Chaka chovuta chomwe, nsima ya kondowole ikuperewera, tsiku la mpikisano ankatuluka ali mbee ngati bwana. Munthu wakunja akanati akuononga sopo. Kwa iwo linali tsiku loti mudzi wonse uone kuti sanagonje. Ndiye zimene akunena mayi a ku Leeds ndikuzimva m'thupi.

Aphunzitsi Opuma a ku Zomba:
Bambo Mkandawire, pamenepo mwandigwira. Kusiyana kwake n'kwakuti sopo anali wa bambo anu, sanamulande kwa wina. Koma ndavomera kuti mtima wake ndi umodzi.

Nachisale ku Leeds:
Tisaganizenso kuti zaka zimenezo onse ankathamangira ngale ndi golide. Patangopita miyezi iwiri chitsegulireni nyumba ija, mu April 1946, wokonza magule Frederick Ashton anaonetsa gule wa Symphonic Variations pasiteji yomweyo. Ovina 6 okha, tizovala toyera tosavuta tojambulidwa ndi Sophie Fedorovitch, kumbuyo chinsalu chobiriwira chokhala ndi mizere, basi. Ku Paris chaka chomwecho Jean Babilée anavina Le Jeune Homme et la Mort atavala ovolosi ngati wopenta nyumba. Mu 1949 Zizi Jeanmaire anameta tsitsi lake lalifupi ngati mnyamata n'kuvina Carmen ya Roland Petit ndi kachovala kakuda kothina, miyendo yonse pamtunda, ndipo azimayi ambiri anatengera kametedweko.

Koma imene imandiphunzitsa kwambiri ngati wosoka ndi ya ku New York. Mu November 1946 wokonza magule George Balanchine anaonetsa gule wa The Four Temperaments, zovala zitajambulidwa ndi Kurt Seligmann. Zinali ndi zokulunga ndi zolendewera zambiri moti manja ndi miyendo ya ovina sizinkaoneka zimene zikuchita. Pofika 1951 Balanchine anazitaya zonse, ovina n'kumalowa ndi zovala zochitira pulakatisi, zakuda ndi zoyera. Mpaka lero gule ameneyo amavinidwa choncho. Wojambula anali katswiri, koma anaiwala kuti mkati mwa chovalamo muli munthu woti adumphe.

Amayi Nangozo, apa ndi pamene ndimafuna kufika. Wosokera Balanchine anali mayi Barbara Karinska, wobadwira ku Kharkiv, yemwe anayamba ndi ntchito yopeta nsalu. Tutu yakale ija ya lichero imakhala ndi waya wozungulira mkati. Ovina akaima moyandikana mawayawo ankagundana, ndipo munthu akaima chilili siketi inkapitiriza kugwedera. Mu 1950, pa gule wa Symphony in C, Karinska anachotsa waya, anafupikitsa siketi, n'kusiya mizere 6 kapena 7 yokha ya neti yolumikizidwa molekerera. Imaoneka yofewa ngati thonje longothyola kumene. Kumtunda nako, zigawo za m'mbali mwa nthiti ankazidula mopingasa nsalu kuti zizitanuka pang'ono wovina akamapuma. Kwa ana a sukulu ine ndikuti tsatani ya Karinska. Neti yochepa, palibe waya woti ubaye mwana, ndipo mumaliza pa nthawi.

Nangozo Telala:
Kudula mopingasa ndimakudziwa, ndimachita pa makolala ndi popinda m'khosi. Sindinaganizepo zoika m'nthiti. Mayi ameneyo anali telala weniweni.

Mayi a Mapasa ku Cape Town:
Ndachedwa kulowa, ndinali kuntchito. Amayi Nangozo, ndikufunseni chinthu chimodzi musanadule nsalu. Kabudula wamkatiyo ndi matayiti a anawo akhala a mtundu wanji?

Nangozo Telala:
Aphunzitsi awo anena kuti pinki, ngati pachithunzipo.

Mayi a Mapasa ku Cape Town:
Ndimayembekeza yankho limenelo. Mmodzi mwa mapasa anga wavina ballet kuyambira ali ndi zaka 6, pano ali ndi 14. Pinki ameneyo anamusankha kalekale kuti afanane ndi khungu la mzungu, kuti mwendo uzioneka umodzi kuyambira m'chiuno mpaka kunsonga ya chala. Mwana wakuda akavala, thupi limaoneka logawika pawiri, kumtunda wina kumunsi wina. Usiku woti mawa kuli chionetsero ndimakhala pansi ndi kasiponji ndi botolo la zodzola zakumaso zabulauni, kupaka nsapato zake pang'onopang'ono, nsalu yonyezimira ija, maliboni omwe, n'kuziyanika pawindo. Nsapato zoimira pa zala sizikhalitsa, ndiye ntchito imeneyi siitha. Tsiku lina ali wamng'ono anandifunsa kuti, amama, bwanji anzanga sapaka zawo? Ndinasowa poyambira.

Zaka mukukambazi zinali zowawa kwa ovina akuda. Janet Collins ku America anauzidwa ndi gulu la Ballet Russe de Monte Carlo kuti amulemba ngati avomere kudzipenta zoyera, iye anakana, ndipo mu 1951 anakalowa ku nyumba ya zisudzo ya Metropolitan Opera ku New York. Raven Wilkinson analowa gulu la Ballet Russe lija mu 1955 ndipo ankadzola zoyeretsa nkhope, makamaka akamayenda m'madera a kummwera kwa dzikolo. Kuno ku Cape Town anthu amakumbukira Johaar Mosaval wa ku District Six. Kwawo tsankho silikanamulola kukwera, anapita ku London, analowa Sadler's Wells, n'kuvina pamaso pa Mfumukazi Elizabeth pa zikondwerero zomuveka ufumu mu 1953. Koma gululo, litasintha dzina kukhala Royal Ballet, litabwera kudzavina ku South Africa mu 1960, iyeyo anamusiya ku London chifukwa cha khungu lake. Kwawo kwenikweni! Wamwalira mu 2023.

Arthur Mitchell, wovina wakuda wa ku America, ndiye anadzatsegula njira. Anavina gule wa Agon ndi mzungu Diana Adams mu 1957, kenako mu 1969 anayambitsa Dance Theatre of Harlem, kumene m'zaka za m'ma 1970 anayamba kunyika matayiti ndi nsapato kuti zifanane ndi khungu la wovina aliyense. Koma kampani ya Freed of London, yomwe yakhala ikusoka nsapatozi kuyambira 1929, inayamba kugulitsa zabulauni mu 2018. Muwerenge nokha zaka zimenezo.

Aphunzitsi Opuma a ku Zomba:
Za Mosaval sindinkazidziwa. Zikomo mayi. Izi n'zimene ndimafunsa zija, kungoti inu mwazifotokoza ndi siponji m'manja.

Wophunzira Zosoka:
Anti a Mapasa, ndiye tinene kuti ana athu asamavine gule ameneyu?

Mayi a Mapasa ku Cape Town:
Ayi mwanawe, avine! Wanga akaima pa mwendo umodzi nyimbo ili pakati, ine mtima umachita kuima. Anagwira ntchito zaka 8 kuti afike pamenepo, guleyo ndi wake ngati mmene alili wa wina aliyense. Ndikungoti chovala chimulandire mmene alili. Ana a ku Blantyre onse 8 ndi akuda, palibe chifukwa chowaveka miyendo ya munthu wina.

Nachisale ku Leeds:
Ndikugwirizana nazo. Amayi Nangozo, matayiti ambiri ndi a nayiloni, ndipo nayiloni imamwa utoto bwino mukathira viniga pang'ono m'madzi otentha. Yesani kaye pa kachidutswa. Siketi ikhale mtundu uliwonse aphunzitsiwo akufuna, koma kabudula, matayiti ndi tizingwe ta m'mapewa zitsate khungu la mwana.

Nangozo Telala:
Ndabweranso anzanga, patha masiku 4. Neti yolimba ndinaipeza, yokwera mtengo pang'ono koma ndi yomweyo munanena, yokanda. Ndasoka pa kabudula, mizere 7, wopanda waya. Singano ziwiri zathyoka podutsa pokwinya, ndiye mizere iwiri yapansi ndamalizira pamanja. Dzulo madzulo ndinamuveka mdzukulu wanga, ndi msinkhu umodzi ndi anawo. Siketi yaima! Anazungulira pakhonde mpaka anzake a m'nyumba zoyandikana anadzaza pampanda, ndipo kuvula anachita kukana.

Za mtundu ndinapita ndekha kusukulu kukalankhula ndi aphunzitsi aja. Poyamba anakayika, amaopa kuti makolo adzati si ballet yeniyeni. Ndinawawerengera zimene analemba amayi a Mapasa, anakhala chete kanthawi, kenako anati tiyese. Ndanyika zidutswa zitatu, chimodzi chatuluka chofiirira kwambiri, ziwiri zili bwino. Lachisanu ndikupita nazo kukayerekeza pa mikono ya anawo mmodzimmodzi, chifukwa awiri ndi oyererako kuposa anzawo.

Achemwali a ku Leeds, ngowe zija ndiziike motalikirana bwanji? Ndipo m'mphepete mwa neti ndisiye mowongoka kapena ndidule manomano?

Nachisale ku Leeds:
Ngowe motalikirana ngati zala ziwiri, ndipo pa chiuno penipeni muikepo yaikulu chifukwa ndi pamene pamakoka. M'mphepete dulani manomano, musanakwinye, mutapinda neti kangapo kuti sizasi idutse kamodzi. Mukasiya mowongoka imaoneka youma pansi pa nyali. Mutitumizire chithunzi cha mdzukuluyo chakumbuyo, ndione mmene chakumtunda chakhalira pa nthiti.